Kuluka bulangete lochindikala ndi wulu wokhuthala: yambani June asanafike

Amene munakhalapo ku Mchinji kuno mu June ndi July mukudziwa kuzizira kwake, m'mamawa mpaka zala kuuma osatha kugwira ndowa. Bulangete loluka ndi crochet, lija lolemera ukafunda, lathandiza kwambiri kwathu, ndipo ubwino wa wulu wokhuthala ndi woti ntchito imayenda msanga kusiyana ndi madoyilo aja timatha nawo mwezi.

Choyamba wulu. Wokhuthala weniweni sapezekapezeka, ena amachita kuyitanitsa ku Lilongwe kapena kwa opita ku Chipata kudzera pa Mwami. Mukausowa musadandaule, tengani wulu wamba wolukira majuzi, phatikizani zingwe zitatu kapena zinayi muziluka ngati chingwe chimodzi, basi wakhuthala. Ine ndimagula majuzi a kaunjika pa msika wa Kamwendo n'kumasula. Koma tembenuzani juziyo muone msoko kaye, ngati anachita kudula n'kusoka ndi overlock, msoko wa makina uja wokuta m'mphepete modulidwa, isiyeni, mudzangotulutsa tizidutswa tatifupitifupi mpaka kukwiya. Wulu womasulawo umakhala wopotanapotana, ndiye uzengeni mozungulira nsana wa mpando, mumange, muviike m'madzi ofunda, muyanike pamthunzi, uwongoka. Bulangete la 120 cm ndi 150 cm konzekerani makilo awiri kuti musatsalire panjira, ndipo ngati mukugula watsopano gulani wonse tsiku limodzi chifukwa mtundu womwewo ukabwera ulendo wina umasiyanako pang'ono, pabulangete zimaoneka.

Singano ya crochet ikhale yayikulu, 9 mm kapena 10 mm. Yaying'ono ipangitsa bulangete kuuma gwa ngati mkeka.

Musanayambe lukani kachidutswa koyesera ndi sititchi yomwe ndifotokoze m'munsimu, muyeze kuti pa 10 cm palowa masititchi angati. Tinene asanu ndi awiri, ndiye pa 120 cm mufunika 84, onjezani tcheni ziwiri zotembenukira. Ambiri amadumpha apa, kenako bulangete likutuluka laling'ono ngati la mwana.

Tsopano tcheni choyambira, mzere wa timabowo tolumikizana pomwe masititchi oyamba amalowa, apa ndiye ndichedwepo chifukwa mpamene ine ndinalakwitsa koyamba. Ndinamanga tcheni mothina, mizere yapamwamba n'kumatambasuka pansi pali pokhwinyata, bulangete lonse linapindika ngati uta ndipo ndinamasula ntchito ya masiku anayi mtima ukuwawa. Lekererani dzanja, tcheni chikhale cholendewera, kabowo kalikonse kazioneka bwinobwino. Ngati dzanja lanu ndi lothina mwachibadwa, pangani tchenicho ndi singano yokulirapo kenako mubwerere ku yanu ija.

Sititchi yomwe ndimakonda pa wulu wotere ndi half double crochet, siyisiya mabowo akulu olowa mphepo komanso siyichedwetsa. Kulungani wulu pa singano kamodzi, lowetsani mu tcheni chachitatu kuchokera pa singano, kolani wulu mukoke, pasingano pakhala tizingwe titatu. Kulunganinso, mukoke kudutsa tonse titatu nthawi imodzi. Yatha imodzi. Chitani chomwecho mu tcheni chilichonse mpaka kumapeto, pangani tcheni ziwiri, tembenuzani, bwererani. Tcheni ziwirizo musamaziwerenge ngati sititchi.

Muziwerenga amayi, muziwerenga ndithu. Sititchi yomaliza pa mzere imabisala, mukamaluka uku mukucheza pakhonde mumaiphonya osadziwa, mawa mzere 83, mkuja 81, bulangete n'kumachepa m'mbali ngati siketi. Kolekani pini pa sititchi yoyamba ndi yomaliza, muziisuntha mzere uliwonse.

Wulu ukatha kapena mukufuna kusintha mtundu, lumikizani kumapeto kwa mzere osati pakati, ndipo siyani mchira wa 15 cm. Mfundo zimamasuka pochapa, ndiye michirayo muilowetse mkati mwa masititchi ndi singano yosokera matumba ija, kupita ndi kubwerera. Za kaunjika mitundu imakhala yosiyanasiyana, ingopangani mizeremizere, amakongola kwabasi. Bulangete likamakula limalemera ndipo mkono umatopa, liyikeni pamiyendo kapena patebulo lisamalendewere, muzipumulako dzanja likayamba kuwawa.

Mukafika 150 cm dulani wulu, kokerani mchira mu kachingwe komaliza, thinitsani. Mukafuna m'mbali mowongoka zungulirani ndi mzere umodzi wa single crochet (lowetsani singano osakulunga kaye, kolani wulu mukoke, kulungani mukoke kudutsa tizingwe tonse tiwiri), pakona iliyonse muike atatu m'bowo limodzi kuti pasapindike.

Pochapa madzi ozizira ndi sopo pang'ono, osapotokola, ingofinyani. Musaliyanike pachingwe likadali ndi madzi, kulemera kwake kulitalikitsa osabwereranso, liyaleni pamphasa pamthunzi muzilitembenuza. Ndipo wulu wambiri wa m'misika yathuyi ndi acrylic, ndi pulasitiki ameneyo, ayironi kapena mbaula ikayandikira amasungunuka, ndiye ana akamawotha moto madzulo auzeni alisiye pa bedi.