Mmene mwini bizinesi angapemphere viza yokhala kunja akugwira ntchito pa intaneti

Kuyambira mu 2020, mayiko angapo akhala akupereka viza yolola mlendo kukhala miyezi yambiri m'dziko lawo uku akugwira ntchito pa intaneti, malinga ngati ndalama zake zikuchokera kunja kwa dzikolo. Munthu wolembedwa ntchito savutika kwenikweni poipempha, chifukwa kalata ya abwana ake imamulankhulira. Mwini bizinesi wa kuno ku Chipata, m'dziko la Zambia, alibe womulembera kalata yotero, choncho mapepala a kampani ndi a kubanki ndiwo ayenera kumuikira umboni, ndipo kuwakonza kumayamba miyezi 6 tsiku lopempha lisanafike.

Yambani ndi kusankha dziko molingana ndi thumba lanu. Mauritius ili ndi Premium Visa ya chaka chimodzi, yomwe imapemphedwa pa intaneti popanda malipiro ndipo imatha kuwonjezeredwa, koma amafuna umboni wakuti mumapeza madola 1,500 pamwezi. Namibia inayambitsa yake mu 2022, ya miyezi 6, ndipo imafuna madola 2,000 pamwezi. Thailand inatsegula ya zaka 5 mu 2024, yolola kukhala masiku 180 pa ulendo uliwonse, kwa amene ali ndi ma baht (ndalama za ku Thailand) 500,000 kubanki. Estonia imalandira eni makampani olembetsedwa kunja, koma imafuna mayuro 4,500 pamwezi, ndiponso ilibe ofesi ya kazembe ku Lusaka. Kwa ambiri a ife, nzeru n'kuyambira ku Mauritius kapena ku Namibia. Ziwerengerozi zimasinthasintha, choncho muzitsimikizire pa webusaiti ya boma la dzikolo musanawononge ngwee iliyonse.

Mudzifunsenso moona mtima ngati bizinesi yanu ingayende inu muli kutali. Wowerengera makampani ndalama, wokonza mawebusaiti kapena womasulira zikalata angathe kugwira ntchito kulikonse kumene kuli kompyuta. Koma wogula soya ndi mtedza ku Katete ndi ku Lundazi, kapena mwini sitolo ku Down Shops, ayenera kusonyeza kuti pali manijala woima pa sikelo ndi pa kauntala, ndipo iye mwini amangoyang'anira maoda ndi malipiro.

Pamene ambiri amagwera ndi pa ndalama. Tinazolowera kuti kasitomala mmodzi alipira pa Airtel Money, wina pa MTN, wina apereka m'manja, ndipo ndalama yomweyo igula katundu, ilipira sukulu ya mwana, yotsala ipita kumaliro. Bizinesi yotero ingakhale ndi phindu ndithu, koma kwa wofufuza pempho lanu sioneka konse. Tsegulani akaunti ya kampani yosiyana ndi yanu, zonse zolowa zizidzera mmenemo, ndipo pa tsiku lofanana mwezi uliwonse muzidzilipira malipiro ofanana opita ku akaunti ya dzina lanu. Ikadzasindikizidwa sitetimenti ya miyezi 6 yokhala ndi chidindo cha banki, mzere wa malipirowo udzaoneka wobwerezabwereza, ndipo ndiwo amaufuna. Kubwereka ndalama zambiri kwa achibale n'kuziponya mu akaunti sabata yomaliza kumangodzutsa mafunso. Kumbukiraninso kuti ziwerengero zija zili m'ndalama zakunja pomwe inu mumalandira makwacha, kotero malipiro anu apitirireko pang'ono, kuopa kuti kwacha ikatsika mungapezeke mwaperewera.

Kenako sonkhanitsani satifiketi yolembetsera kampani ku PACRA (bungwe la boma lolembetsa makampani), pepala losonyeza dzina lanu monga dayirekitala kapena mwini masheya, ndi umboni wakuti malipoti a pachaka munapereka. Ku ZRA, bungwe lotolera misonkho, tengani satifiketi yosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho. Onjezanipo makontirakiti ndi mainivoisi a makasitomala awiri kapena atatu, komanso kalata ya pa pepala la kampani yofotokoza ntchito yanu, malipiro anu, ndi lonjezo lakuti simudzagulitsa kanthu kapena kufuna ntchito m'dziko mukupitalo. Ngati kampani ili ndi dayirekitala wachiwiri, asaine ndi iyeyo, chifukwa kalata yodzichitira umboni wekha ilibe mphamvu kwenikweni.

Mayiko ambiri amafunanso chikalata cha apolisi chosonyeza kuti mulibe mlandu, inshuwaransi ya zaumoyo ya nthawi yonse mudzakhaleko, malo ogona, ndi pasipoti yosayandikira kutha. Zambia sili m'pangano la Apostille, lomwe mayiko amavomerezerana zikalata ndi chidindo chimodzi, choncho dziko likafuna mapepala otsimikizidwa, amayenera kudindidwa ku unduna woona za maubale ndi mayiko ena ku Lusaka. Ulendo wa pa Great East Road si waufupi, ndiye nyamulani onse pamodzi, koma chikalata cha apolisi musachitenge msanga kwambiri, popeza chakale amachikana.

Musananyamuke, kambiranani ndi katswiri wa misonkho, chifukwa m'mayiko ambiri, kuphatikizapo Mauritius, munthu akakwanitsa masiku 183 pachaka amayamba kuwerengedwa ngati wokhoma msonkho kumeneko, pomwe kampani yanu ikhalabe ndi udindo wake ku ZRA. Dziwitsani banki kuti mukuchoka, ndipo simu khadi ya nambala yomwe munalembetsa kubankiko muipemphere kuti izigwira kunja, pakuti manambala achinsinsi ovomerezera malipiro a antchito anu adzafikira pa iyo.