Momwe mungachitire mukaona mtsikana amene anamuzembetsera ku bala kuno ku Salima

Munthu amafika kumudzi nkuuza makolo kuti mwana wanu ndampezera ntchito ya mnyumba, koma kufika pa Kamuzu Road kaya ku Senga Bay mwana uja akumupatsa kachipinda kuseri kwa bala, ati uzigona ndi makasitomala mpaka ubweze ya transipoti ndi chakudya. Uku ndi kuzembetsa anthu ngakhale sanadutse boda iliyonse. Lamulo la 2015 la Trafficking in Persons Act limati zaka 14 kundende popanda faindi, akakhala mwana osakwana zaka 18 ndiye zaka 21.

Choyamba chonde osathamangira kukakalipira mwini bala. Mukatero usiku omwewo atsikana aja awasamutsa kaya ku Dwangwa kaya ku Lilongwe, mafoni azimitsa, apolisi kufika angopeza zipinda zotseka. Pitani ku polisi mukafunse ofesi ya Victim Support Unit, ngati ndi mwana muthanso kuimba 116, ndi yaulere.

Kumeneko akutengani sitetimenti ndipo zomwe amafuna ndi izi, anamutenga ndani, anamulonjeza chani, anayenda naye bwanji, nanga ndalama za makasitomala amalandira ndani. Apa mpamene milandu yambiri imafookera chifukwa anthu amangoti tonse tikudziwa, koma khothi siligamula ndi mphekesera. Ndiye sungani mauthenga a WhatsApp, musafufute ngakhale ali ochititsa manyazi, uthenga wa Mpamba kapena Airtel Money omwe anatumizira ya minibasi, dzina la bala, wakabaza amene amawanyamula, kope lomwe amalembamo ngongole zija ngati munaliona. Zonsezi zimalowa mu doketi, fayilo ya mlandu ku polisi.

Mtsikana uja akamuchotsa ku bala kuja, apite ku chipatala msanga ndi kalata ya polisi. Mankhwala oteteza ku HIV aja a PEP amafunika pasanathe maola 72, komanso lipoti la dokotala ndi umboni. A Social Welfare ndi amene amaona za komwe agone, ndipo mumuuze asaope, lamulo limamuona ngati olakwiridwa osati wamlandu.

Chimandiwawa ndi chakuti doketi ikafika kwa majisitireti, achibale a oganiziridwa uja amabwera ndi kandalama ati tikambirane pachibale, mboni nkusiya kupita kukhothi. Akabwera musalandire, kauzeni wapolisi amene akufufuza mlanduwo tsiku lomwelo.