Muli pa probation ku England ndipo kumudzi kwagwa zovuta? Chitani izi musanagule tikiti

Uthenga wa matenda kapena maliro umafika nthawi iliyonse, ndipo mtima umangofuna kunyamuka. Koma Mmalawi amene ali pa probation (kugwira chilango kunja kwa ndende moyang'aniridwa ndi ofisa) ku England kapena ku Wales akathamangira kukwera ndege osapempha, akhoza kubwerera kundende. Dziwani kuti Scotland ndi Northern Ireland ali ndi malamulo awoawo, ndiye zili m'munsizi n'za England ndi Wales zokha.

1. Werengani pepala la chilango chanu

Ngati munali kundende ndipo anakutulutsani pa licence (kuti mukamalizire chilango kunja motsatira malamulo omwe akupatsani), pali lamulo lomwe aliyense amapatsidwa: osatuluka mu United Kingdom, Channel Islands kapena Isle of Man popanda chilolezo cha ofisa wokuyang'anirani. Ngakhale ku Dublin, pafupi pomwepa, ndi kunja. Mukaphwanya lamuloli amatha kukubwezani kundende osadzeranso kukhoti.

Ngati khoti linakupatsani community order (chilango chogwirira kunja kwa ndende) kapena suspended sentence (chilango cha kundende choimikidwa kaye), nkhani ndi ina. Ulendo wakunja umaletsedwa ngati woweruza analemba chiletsocho m'chigamulo, ndipo chimatha kufika miyezi 12. Koma ngakhale palibe chiletso, muli ndi masiku okumana ndi ofisa, mwina ntchito yosalipidwa ya maola 40 mpaka 300, mwinanso kachipangizo ka pamwendo kokusungani panyumba usiku. Mukajomba popanda chifukwa chovomerezeka, nkhani imatha kubwerera kukhoti.

2. Uzani ofisa wanu zinthu zisanafike poipa

Apa ndi pomwe ambiri amachedwa. Kwathu maliro sagona masiku ambiri, pomwe pempho la munthu wa pa licence limadutsa m'manja mwa ofisa kenako akuluakulu ake. Amayang'ana ngati ulendowo ungaike wina pachiopsezo, ngati ungasokoneze maphunziro kapena chithandizo chomwe anakulamulani, ndiponso ngati mwakhala mukusunga malamulo. Choncho ngati mayi agonekedwa ku Queens kapena ku Kamuzu Central, nenani lero. Ndikudziwa kuti sichapafupi kuuza mlendo za matenda a kholo lako, koma ofisa amene wadziwa kale vutolo savutika kukukhulupirirani tsiku lomwe mwafunika kunyamuka mwadzidzidzi.

3. Lembani pempho, muike ndi umboni

Lembani chifukwa cha ulendo, tsiku lonyamuka ndi lobwerera, komwe mukagone, dzina la mwini nyumba ndi nambala ya foni yomwe angakupezereni. Tchulani njira yonse, chifukwa palibe ndege yochoka ku London molunjika ku Lilongwe kapena Blantyre: mudzasinthira ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg. Abale atumize kalata ya dokotala, satifiketi ya imfa ngati yatuluka, kapena kalata ya amfumu yodindidwa. Ngati ili m'Chichewa, pezani woimasulira.

4. Dikirani yankho lolembedwa

Mawu a pafoni oti "ndikuona ngati zitheka" si chilolezo. Gulani tikiti pepala kapena imelo ikakufikani.

5. Onanani ndi loya wa nkhani za imigireshoni

Chilolezo cha probation chimangokulolani kutuluka, sichikutsegulirani njira yobwerera. Malinga ndi UK Borders Act ya 2007, mlendo amene walamulidwa kukhala kundende miyezi 12 kapena kuposerapo amayenera kuthamangitsidwa m'dzikomo pokhapokha pali zifukwa zapadera. Komanso ngati muli ndi pempho la viza lomwe Home Office (unduna woona za anthu olowa ndi kutuluka m'dzikomo) sinayankhe, kupita ku Malawi kumatengedwa ngati mwalichotsa nokha pempholo. Munthu akhoza kukaika maliro bwinobwino n'kulephera kubwerera kwa ana ake. Musadumphe sitepe imeneyi.

6. Zina zotsala

Amene ali m'kaundula wa olakwa pa milandu yogonana ayenera kudziwitsanso apolisi masiku 7 asananyamuke. Bwererani pa tsiku lomwe munalonjeza, ndipo ndege ikachedwa tumizani uthenga kwa ofisa nthawi yomweyo, musunge ndi umboni wochokera kukampani ya ndegeyo.

Akakukanizani, pemphani kuti alembe chifukwa chake. Mukhoza kudandaula kudzera mu ndondomeko ya madandaulo ya Probation Service, ndipo ngati simunakhutire, mukhoza kupititsa nkhaniyo kwa Prisons and Probation Ombudsman, ofesi yoima payokha yofufuza madandaulo otere. Podikira yankho, musanyamuke.