Mmene mungapezere gwero la chimbuuzi ndi mizere pa monita ya kompyuta

Zilembo zikayamba kuoneka mwachimbuuzi pa monita, kapena pakamatuluka timadontho ndi mizere yamitundumitundu, anthu ambiri amathamangira kugula monita ina kapena graphics card yatsopano (khadi la mkati mwa kompyuta limene limatumiza zithunzi ku monita), chikhalirecho nthawi zambiri vuto limakhala nthambo kapena kachunidwe chabe. Musanatulutse ndalama, yambani mwafufuza pamene pagona vutolo.

Dinani batani la menu la pa monita penipenipo. Ngati zilembo za menuyo nazonso zili mbuu, monitayo ndiyo yawonongeka, chifukwa menuyo siichokera mu kompyuta. Ngati zikuoneka bwino, jambulani sikirini ndi batani la Print Screen ndipo chithunzicho muchitumize pa foni yanu. Mizere ikaonekanso pa foni, ndiye kuti vuto lili mu khadi kapena madiraiva ake, amene ndi mapulogalamu oyendetsa khadilo. Ikapanda kuoneka, yambani kukayikira nthambo.

Mamonita ambiri ogulidwa atagwira kale ntchito, ngati amene timawaona m'malo otaipira makalata muno mu Chipata, amalumikizidwa ndi nthambo ya VGA, ija ya mutu wabuluu wokhala ndi timapini 15. Nthambo imeneyi ikakhwepa kapena ikatalika kwambiri, chilembo chilichonse chimaoneka ngati chili ndi mthunzi pambali pake. Izuleni, onani ngati palibe kapini kopindika, ibwezereni ndi kumanga bwino tizomangira take tiwiri, kenako dinani batani la Auto pa monita kuti idzichune yokha. Ngati monita ndi kompyuta zonse zili ndi polowetsa nthambo ya HDMI, gwiritsani ntchito imeneyo, VGA ingoisiyani.

Monita iliyonse ili ndi resolution yakeyake, kutanthauza kuchuluka kwa timadontho timene timapanga chithunzi, ndipo ya 1920 x 1080 ikaikidwa pa 1366 x 768, chithunzi chimatambasulidwa mpaka zilembo kufufuma. Mu Windows lowani mu Settings, System, Display, ndipo musankhe nambala imene yalembedwa kuti Recommended. Nambala yoyenera ikasowa pamndandanda, tsegulani Device Manager, pamene Windows imaonetsa zipangizo za mu kompyuta; mukapeza Microsoft Basic Display Adapter, dziwani kuti madiraiva enieni mulibe, ndipo muwatenge pa webusaiti ya Intel, AMD kapena NVIDIA malinga ndi khadi lanu.

Mizere imene imabwera kompyuta ikagwira ntchito kwa kanthawi, makamaka m'kutentha kwa mu Okutobala, kawirikawiri imasonyeza kuti fumbi latsekereza fani ya khadi. Zimitsani kompyuta, zulani pulagi kukhoma, uzirani fumbilo mutagwira faniyo ndi chala kuti isazungulire, ndipo khadilo mulikhazikenso bwino m'malo mwake. Mizere ikamaonekabe kompyuta itangoyaka kumene, Windows isanatseguke, ngakhale mutasintha nthambo ndi monita, khadilo likutha. Lichotseni, ndipo ngati purosesa yanu ili ndi graphics yakeyake, lumikizani monita pa motherboard (bolodi lalikulu la kompyuta) kufikira mutapeza lina.