Mmene Mungadziwire Ngati Bizinesi Yanu Yatsopano Ikufunikadi Ngongole

Musanapite kukabwereka ndalama, yambani ndi mpamba womwe muli nawo, ngakhale utachepa, chifukwa ndiwo udzakuonetseni ngati malondawo ali ndi ogula. Tiyerekeze kuti mukufuna kupikula mpunga wosapuntha ku Lifuwu m'boma la Salima, kuupunthitsa kuchigayo n'kumaugulitsa pamsika wa Kamuzu Road ku Salima komweko. Gulani matumba awiri okha, ndipo lembani m'kope mtengo wopikulira, wa chigayo, wa mayendedwe ndi wa chiphaso cha pamsika. Muyezenso mpungawo ukatuluka m'chigayo, popeza mankhusu ndi misere zimadya gawo la thumba, chinthu chomwe ambiri amaiwala powerengera phindu.

Ndalama za ena zimathandiza pokhapokha katundu akamatha msanga kuposa momwe mpamba wanu ungapikulire wina. Zikafika pamenepo, yambirani ku banki m'khonde, komwe chiwongoladzanja chimabwerera kwa mamembala pa tsiku logawana. Mukafuna zochuluka, funsani kubungwe la boma lobwereketsa ndalama za bizinesi kapena kubanki za chikole komanso tsiku loyamba kubweza, ndipo muone ngati podzafika tsikulo mudzakhala mutagulitsa. Wakatapila yekha mupeweni, pakuti amafika pakhomo mpunga ukadali m'matumba.