Vidiyo ya nyimbo yakusukulu: mmene mungashutire kuti milomo isamatsalire m'mbuyo

Chomwe chimaulula msanga kuti vidiyo iyi apanga ndi ophunzira si kamera ayi, ndi milomo. Woimba watseka kale pakamwa koma mawu akupitilirabe, kapena mawu ayamba iye akadali duu, apo basi woonera wasiya kumvera nyimbo wayamba kuseka. Nde ine ndikamathandiza anzanga omwe apatsidwa asayimenti ya vidiyo ya nyimbo ndimayambira pamenepo, za kamera yodula tidzakamba tsiku lina.

Musanashute kalikonse nyimbo ikhale yoti yatha. Yatha zenizeni, osati zija zoti "producer akuti akonzanso pang'ono pa kolasi". Mukashuta ndi demo kenako iye nkukasuntha vesi kapena kusintha liwiro ngakhale pang'ono chabe, zonse munajambula zija sizigwirizananso ndipo mudzangokhalira kukokakoka ma clip usiku wonse osaphula kanthu. Tengani fayilo imodzi yomweyo, muyiike pa foni ina osati yojambulirayo, mulumikize ku sipika yolira mokweza ndithu, ndipo woimbayo aziimba motulutsa mawu osati kumangogwedeza milomo. Munthu akamaimba zoona mitsempha ya pakhosi imaoneka, kupuma kumaoneka, mapewa amayenda okha. Wongoyerekeza amaoneka ngati akutafuna chingamu.

Maiki ya kamera musaizimitse olo mawu ake akhale oipa bwanji, chifukwa ndi omwewo mudzagwiritse ntchito polumikiza. Kanzeru kakang'ono, ikani timabipu tinayi kumayambiriro kwa fayilo nyimbo isanayambe, woimba amadziwa polowera komanso pa kompyuta timaoneka ngati timisomali tinayi pa waveform, chithunzi cha mafunde a mawu chija, mumangotiyanjanitsa ndi ta pa nyimbo yeniyeni basi zatheka. Ngati mulibe zimenezo wina aombe m'manja kamodzi pamaso pa kamera nyimbo ikamayamba.

Tsono apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Amashuta tizidutswa, mzere umodzi apa, mizere iwiri uko, akuti akusunga batire. Ayi anzanga, paliponse pomwe mwaika kamera shutani nyimbo yonse kuyambira koyamba mpaka kumapeto, kamodzi patali thupi lonse likuoneka, kamodzi kuyambira m'chiuno, kamodzi pankhope penipeni. Nyimbo ya mphindi zitatu kuishuta katatu ndi mphindi 9 zokha, koma poedita mumakhala ndi zosankha zitatu pa sekondi iliyonse, woimba akaphethira molakwika apa mumangodumphira ku shoti ina. Zina zija zokongoletsa, manja, mapazi akuyenda, nkhope ikutembenuka, mushute pambuyo pake nthawi ikatsala.

Za ma frame, kutanthauza zithunzi zomwe kamera imajambula pa sekondi iliyonse (fps), gwirizanani musanayambe, makamaka ngati mukujambula ndi mafoni awiri kapena atatu obwereka. Wina ali pa 30 wina pa 60 wina pa 24, mukaziphatikiza zimanjenjemera. Sankhani imodzi nonse. Kumaiko komwe magetsi ake ndi a 50Hz, monga mbali yaikulu ya Africa ndi Europe, 25 fps ndi shutter (nthawi yomwe kamera imalola kuwala kulowa pa frame iliyonse) ya 1/50 ndiyo imakhala bwino mukamajambula m'nyumba, apo ayi mababu ena amathwanimathwanima pa vidiyo kapena kutulutsa mizere yoyenda pomwe ndi maso simukuona kalikonse. Komwe magetsi ndi a 60Hz ngati ku America shutter ikhale 1/60. Vuto lina la mafoni nloti ambiri sasunga liwiro limodzi la ma frame, amasinthasintha, ndiye mumapeza kuti koyambirira milomo ili bwino koma pofika kumapeto yasemphana ndi mawu. Zikatero dutsitsani fayiloyo mu pulogalamu ya HandBrake, ndi yaulere, musankhe constant framerate kuti liwiro la ma frame likhale limodzi kenako muyiikenso.

Ija ya slow motion yoti munthu akuyenda pang'onopang'ono, tsitsi ndi malaya zikuuluka mofatsa koma milomo ikugwirizanabe ndi nyimbo, anthu amaona ngati matsenga koma ndi masamu chabe. Mumajambula pa 50 fps, nyimbo mumaithamangitsa kawiri pa sipika, woimba nkumaimba mothamanga chomwecho, ndiye mukabweza vidiyo pa 25 liwiro limatsika ndi theka milomo nkugwera pamalo pake. Pa 60 ndi 30 nchimodzimodzi. Koma muuzeni woimbayo kudakali masiku ayeserere, ndipo ngati ndi rap yothamanga kale isiyeni, lilime silingakwanitse.

Kuwala. Apa ndikhalapo pang'ono chifukwa foni yotchipa pamalo owala bwino imaposa kamera yodula mumdima. Dzuwa lili paliwombo musashute nkhope, maso amalowa mumthunzi munthu nkumaoneka ngati sanagone sabata yonse, komanso amangotsinzina. Ola loyamba dzuwa litangotuluka ndi ola lomaliza lisanalowe ndiye nthawi yabwino, kungoti imathamanga zedi, mukafika mochedwa nkuyamba kukangana za malaya mupeza kwada. Masana pezani mthunzi waukulu. M'nyumba muimikeni munthu pafupi ndi windo kuwala kuzimumenya cham'mbali, mbali inayo wina agwire chikatoni choyera kuti chibweze kuwala pang'ono, ndipo zimitsani babu la kudenga chifukwa pa muyeso wa mtundu wa kuwala, kwa dzuwa kumakhala cha pa 5600K pomwe mababu achikasu aja ndi cha pa 2700K mpaka 3200K, mukaziphatikiza tsaya lina limakhala labuluu lina lachikasu ndipo kukonza zimenezo nkowawa mutu. Pa foni dinikizani chala pankhope kwa kanthawi mpaka focus ndi exposure (kuwala kwa chithunzi) zitsekeke, kupanda kutero chithunzi chizingowala nkuda chokha munthu akamasuntha. Pukutaninso lenzi, zikumveka zachibwana koma mavidiyo ambiri amaoneka ngati muli chifunga chifukwa cha mafuta a zala basi. Zoom yokoka ndi zala ija isiyeni, yandikirani ndi miyendo.

Nkhani ya mu vidiyo ikhale imodzi. Ophunzirafe timafuna zonse zilowe, chibwenzi chatha, mvula, utsi, kuthamangitsana, maloto, zonsezo m'mphindi zitatu. Sankhani ganizo limodzi lomwe mungalifotokoze mu chiganizo chimodzi, mulembe papepala motsatira nthawi ya nyimbo, kuyambira 0:00 mpaka 0:15 tikuona chakuti, kolasi ikalowa tili pakuti. Ndipo simukufunika katswiri wa zisudzo kuti anthu amve chisoni, Lev Kuleshov, wopanga mafilimu wa ku Russia, anaonetsa kalekale zaka zoposa 100 zapitazo kuti nkhope imodzi yomweyo anthu amaimva mosiyana kutengera chithunzi chomwe mwaika pambali pake. Nde mnzanu uja wamanyazi angoyang'ana phee, inu mudule kupita pa mpando wopanda munthu, woonera amaliza yekha. Ngati anthu awiri akuyang'anizana kamera ikhale mbali imodzi ya mzere wongoganizira wowalumikiza, mukaoloka amaoneka ngati onse akuyang'ana kumodzi.

Poedita, kaya ndi pulogalamu ya DaVinci Resolve kaya CapCut, yalani kaye nyimbo pansi muitseke isamasunthe, kenako ma take athunthu aja muwasanjikize pamwamba pake mutawalumikiza onse, kudula kubwere pambuyo. Ikani ma marker pa biti. Nyimbo ya 100 BPM (mabiti 100 pa mphindi) biti iliyonse ndi masekondi 0.6, pa 25 fps ndi ma frame 15, ndiye mabiti anayi ndi ma frame 60, mukadziwa zimenezo simumangodula mwamwayi. Koma musadule pa biti iliyonse chonde, zimatopetsa maso, pa vesi lolani shoti ikhale nthawi yaitaliko kuti kolasi ikafika nkuyamba kudula mothamanga zimveke kuti china chasintha. Ma transition ozungulira ndi othwanima aja ine sindimawakonda olo pang'ono, kudula wamba kumakwana.

Zoti vidiyo ikhala yogona 16:9 ya pa YouTube kapena yoimirira 9:16 ya pa TikTok muganize musanashute, osati potulutsa. Ngati nyimbo si yanu pemphani chilolezo kwa mwini wake, YouTube ili ndi Content ID yomwe imaizindikira yokha ndipo vidiyo itha kutsekedwa. Mafayilo akopeni malo awiri tsiku lomwelo musanafufute kalikonse mu foni. Mukamaliza itulutseni, muitumize pa foni wamba, muionere kamodzi ndi mawu maso ali pa milomo yokha, kenako muzimitse mawu mumupatse munthu yemwe sanali nawo pojambula akuuzeni zomwe waona.