Kuphunzitsa zolembalemba, kukhala kochi wa basketball ndi kusaphonya Misa: mmene mungazikwanitsire

Anthu ambiri amaganiza kuti vuto la munthu amene ali pulofesa wa zolembalemba, kochi wa basketball komanso Mkatolika weniweni ndi nthawi basi. Nthawi ndi vuto, zoona, koma chachikulu ndi choti ana omwewo amakuonani ku kalasi, ku bwalo ndi ku tchalitchi, ndiye mukamaoneka munthu wina kulikonse amazindikira msanga kwambiri.

Yambani ndi makalenda atatu pa tebulo semesita isanayambe: ya yunivesite, ya ligi ndi ya mpingo. Lembani kaye zimene inu simungazisunthe. Isitala imasuntha chaka ndi chaka, imagwa pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo, ndiye Sabata Yoyera itha kugwera pamwamba pa mayeso kapena magemu ofunika, ndipo mukadziwa kale mutha kupempha a ligi asunthe gemu nthawi ikadalipo m'malo mokakangana nawo sabata yomweyo. Gemu ikakhala Lamulungu kutali, malamulo a mpingo amalola kuti Misa ya Loweruka madzulo ikwaniritse udindo wa Lamulungu, choncho funsani nthawi za Misa za komwe mukupitako musananyamuke. Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera akulu kuyambira zaka 18 mpaka 59 amasala, ndiye musaike treining'i yothamangitsa ana masiku amenewo, chitani zoponya ma free throw (kuponya utaima pa mzere popanda wokutchinga) ndi kuonera vidiyo ya gemu yapita.

Kuchonga ndiye kumene kumagwetsa anthu. Ma esee samatha, ndipo mukawasiya kuti mudzachonga "ikatha gemu" mudzachonga muli okwiya kapena muli osangalala mopyola, zonsezi si chilungamo kwa wolemba. Chongani m'mawa mutu ukadali bwino, pang'ono tsiku lililonse. Ndipo ngati osewera anu ena ali m'kalasi mwanu, auzeni alembe nambala m'malo mwa dzina, kapena mupemphe mnzanu wa m'dipatimenti aone mapepala awowo. Apa musanyengerere. Mwana amene amakuponyerani mapointi 20 pa gemu akalemba zopanda mutu alandire giredi ya zopanda mutu, chifukwa mukangomukwezera kamodzi kalasi yonse idziwa, timu idziwa, ndipo zonse zimene mumanena za chikumbumtima zathera pomwepo.

Pemphero gemu isanayambe likhale lalifupi, ndipo musapemphere kuti mupambane, eti ana a timu inayo alibe Mulungu? Pemphererani kuti pasakhale wovulala, kuti asewere mwachilungamo. Pa timu pamakhala a mipingo ina, Asilamu, ndi ena osapemphera n'komwe, musawakakamize, nenani poyera tsiku loyamba kuti amene safuna atha kungoima chete ndipo mphindi zake zosewera sizikhudzidwa. Kolona yanu pempherani nokha m'basi. Masewerawa anayambira pamalo a Chikhristu ndithu, James Naismith amene anawayambitsa mu Disembala 1891 ku sukulu ya YMCA (bungwe la achinyamata achikhristu) ku Springfield, Massachusetts ku America anali ataphunzira zaubusa ku Montreal, koma malamulo ake 13 aja anali a mpira basi, munalibe ulaliki.

Chikhulupiriro chanu ana adzachiona pa oyimbira ndi pa benchi. Mu malamulo a FIBA, bungwe loyang'anira basketball pa dziko lonse, gemu ili ndi makota anayi a mphindi 10, timu ili ndi masekondi 24 oti iponye, wosewera akachita mafaulo asanu watuluka, ndiye zinthu zimathamanga ndipo oyimbira alakwitsa ndithu, gemu iliyonse. Konzekeranitu chochita akalakwitsa: funsani mwaulemu kamodzi, kenako bwererani kwa ana anu. Kochi wotukwana Loweruka kenako n'kukawerenga mawu pa guwa Lamulungu m'mawa, ana amaseka chamumtima. Za benchi, pa osewera 12 asanu okha ndi amene ali m'bwalo, enawo akukuyang'anani. Uzani aliyense payekha chifukwa chimene sakusewera ndi chimene akonze, osamusiya azingoganiza. Don Bosco, wansembe wa ku Italy amene ankaphunzitsa achinyamata, ankalimbikira zoti mphunzitsi azikhala pakati pa ana pa bwalo la masewera, osati kumangoonekera pa nthawi yolanga, ndipo kwa kochi izi zikutanthauza kufika msanga n'kumacheza ndi uja samalowa.

M'kalasi musasandutse buku lililonse katekisimu. Ili ndi yesero lalikulu kwa mphunzitsi wopemphera, kufuna kuti ndakatulo iliyonse ithere pa phunziro labwino, kapena kuchotsa pa silabasi mabuku amene ali ndi anthu ochimwa ndi olemba osakhulupirira. Papa Francisco, amene anaphunzitsapo zolembalemba ku sukulu ya Ajezwiti ku Santa Fe ku Argentina cha m'ma 1964, analemba kalata mu 2024 yolimbikitsa kuti ngakhale ophunzira zaunsembe aziwerenga manovelo ndi ndakatulo, chifukwa zimaphunzitsa kumvetsera mawu a munthu wina. Ndiye phunzitsani buku monga lilili. Mwana akatsutsa chikhulupiriro chanu mu esee koma mfundo zake zili zolimba, mpatseni giredi yake yabwino.

Pali luso limodzi limene limagwira mbali zonse, kuwerenga mosamala. Mmene mumaimitsira kalasi pa mzere umodzi n'kufunsa kuti wolembayu wasankhiranji mawu awa, chitani chimodzimodzi ndi vidiyo ya gemu: imitsani, funsani wosewera kuti waona chiyani asanapereke pasi, musamuuze yankho. John Wooden amene anapambana makapu 10 a NCAA (mpikisano wa mayunivesite a ku America) ali kochi wa yunivesite ya UCLA anayamba ngati mphunzitsi wa Chingelezi ku sekondale, ndipo treining'i yake ankailemba mphindi ndi mphindi pa kakhadi ngati pulani ya phunziro. Tengerani zimenezo, ola limodzi ndi theka lokonzedwa bwino limaposa maola atatu ongothamanga, ndipo nthawi yotsalayo ndi imene mukapezere banja lanu, lomwe nthawi zambiri ndi limene limalipira zonsezi.

Usiku musanagone chitani pemphero lodzifufuza la Ignasio wa ku Loyola, amene anayambitsa gulu la Ajezwiti, mphindi 10 kapena 15 zikwana: thokozani, yendani m'tsiku lonse, onani pamene munakalipira mwana mopyola muyeso, konzani za mawa. Mukapeza kuti munamuchititsa manyazi pagulu, kamupepeseni pagulu pomwepo pa treining'i yotsatira, kukalapa kwa bambo mfumu kokha sikumufikira mwanayo. Ndipo ligi ikatha pumulani sabata ziwiri osagwira mpira, muwerenge buku limene simudzaliphunzitsa.